Mayeso akadutsa onse, musafulumire kusangalala: kusamuka ku Python 2 kupita ku Python 3

PA SIKIRINI: assert filter(ndi_wamkulu, anthu)

WOLANKHULA: Tayang'anitsitsani mzere uwu. Awa ndi mayeso a pulogalamu: filter imasankha anthu omwe ndi_wamkulu yawavomereza, ndipo assert imatsimikiza kuti yankho ndi loona. Mu Python 2, filter imabweza mndandanda. Mndandandawo ukakhala wopanda kanthu, mayesowa amalephera, inu n'kudziwa kuti penapake pavuta. Mu Python 3, filter siibwezanso mndandanda. Imabweza chinthu chotulutsa zotsatira chimodzichimodzi mukachifunsa, ndipo chinthucho assert imachitenga ngati choona nthawi zonse, kaya anthu alimo khumi kaya mulibe ndi mmodzi yemwe. Mayesowa adutsa lero, adutsanso mawa, koma sakuyesa kalikonse.

Apa ndiye pagona nkhani yathu ya lero. Mayeso ali ngati sikelo. Posamuka, sikeloyo imasamuka limodzi ndi katundu, ndiye ikapindika pa njira adzakuuzeni ndani?

Python 3.0 inatuluka mu Disembala 2008, koma anthu ambiri anakakamirabe pa Python 2 kwa zaka zoposa khumi, mpaka eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Yomaliza inali 2.7.18. Ngati mwalandira pulogalamu yakale kuntchito, mwina ulendowu ukukudikirani.

Zina n'zosavuta chifukwa zimafuula zokha. Mukalemba print popanda zikutiro, fayilo yonse imakana kuyenda. assertItemsEqual inasintha dzina kukhala assertCountEqual. mock, yoyerekezera zigawo za pulogalamu poyesa, yomwe kale mumaiika padera, ili m'kati mwa unittest, chida cha Python cholembera mayeso, kuyambira 3.3. assertEquals, ya s kumapetoyo, anaichotseratu mu 3.12. Zonsezi mukonza tsiku limodzi, sitichedwapo.

Zoopsa ndi zomwe zimakhala chete.

PA SIKIRINI: 7 / 2

WOLANKHULA: Mu Python 2 yankho ndi 3. Mu Python 3 ndi 3.5. Mayeso akalephera apa, dzanja limayabwa kuti mungosintha 3 uja kukhala 3.5 kuti zibiriwire, kutanthauza kuti mayeso adutse. Dikirani kaye. Wolemba woyamba ankafuna chiyani? Ngati ankawerengera masamba a lipoti, tsamba la theka kulibe. Cholakwika chili mu pulogalamu, pofunika mizere iwiri yogawira (//) m'malo mwa umodzi (/), osati m'mayeso. N'chimodzimodzi round(2.5): kale inkapereka 3.0, pano ikupereka 2.

Koma chomwe chadyera anthu ambiri tulo ndi kusiyana kwa zilembo ndi ma bytes, manambala omwe kompyuta imasungira zinthu. Python 2 inkazisakaniza mosavuta. Python 3 imati izi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

PA SIKIRINI: b"moni" == "moni"

WOLANKHULA: Mu Python 2 izi n'zofanana. Mu Python 3 sizofanana, ndipo palibe chenjezo lililonse. Ndiye taganizirani mayeso otsimikiza kuti mawu achinsinsi sanasungidwe osabisika, pogwiritsa ntchito assertNotEqual. Mbali ina ikakhala bytes, ina zilembo, mayesowo adutsa ngakhale mawuwo ali poyera. Chimodzimodzinso assertRaises, yomwe imadutsa pokhapokha cholakwika chikaponyedwa, ikamadikira cholakwika cha TypeError: mukalumikiza bytes ndi zilembo, Python 3 imaponya TypeError yakeyake, mayeso n'kudutsa pa chifukwa china chosiyana ndi chomwe analembedwera. Mankhwala ake ndi kuyendetsa Python ndi -bb, yomwe imasandutsa kufanizira kotereku kukhala cholakwika chooneka.

Ena afunsa za 2to3, chida chosinthira pulogalamu ya Python 2 kukhala ya Python 3. Chida chimenechi chimathandizadi, ngakhale filter uja chimamukuta ndi list. Koma kugawa sichikukhudza, ndipo sichingadziwe kuti apa mumafuna bytes kapena zilembo. Komanso anachichotsa mu 3.13, ndiye mufunika Python yakaleko pang'ono kuti muchiyendetse.

Ine ndimayamba chonchi. Ndisanakhudze kalikonse, ndimalemba chiwerengero cha mayeso omwe akuyenda pa Python 2. Akakhala 400 kuno, kutsidyako akhalenso 400. Akachepa, ndiye kuti fayilo ina sikuonedwa kapena mayeso ena akungodumphidwa. Kenako ndimakonza mayesowo kuti aziyenda mbali zonse ziwiri kwa kanthawi. Pa chida choyendetsera mayeso cha pytest, 4.6 ndiyo yomaliza yogwira pa 2.7, ndipo tox yakale imayendetsa mayeso omwewo pa mitundu yonse iwiri ndi lamulo limodzi. Ngati mukuyendetsabe mayeso ndi nose, uno ndi mpata wabwino woisiya, popeza palibenso akuisamalira. Chimodzi chokha: musasinthe mayeso ndi pulogalamu nthawi imodzi, chifukwa zikasokonekera simudziwa chalakwa n'chiti.

Chotsiriza ndi kuwononga pulogalamu mwadala. Tibwerere ku mzere wathu woyamba uja. Ndikusintha ndi_wamkulu kuti izikana munthu aliyense. Ndayendetsa mayeso pa Python 3. Mwaona, adutsa bwinobwino.

PA SIKIRINI: assert list(filter(ndi_wamkulu, anthu))

WOLANKHULA: Tsopano ndawonjezera list. Ndiyendetsenso. Eya, afiira, alephera. Ndibweza ndi_wamkulu mmene inalili, kenako tipite pa fayilo yotsatira.