Zenera la kumadzulo ndi lomwe likukuwotchani m'nyumba

Muli bwanji a Mzuzu, kaya mukuonera muli ku Chibavi, Katoto kaya Luwinga. Anthu amati kuno nkozizira, eya nzoona, tili pamtunda wa mamita opitilira 1,200 sitingafanane ndi a ku Karonga, komabe ikafika Okutobala ndi Novembala pali zipinda zina zoti 4 koloko madzulo simungagonemo, ndipo zambiri mwa izo zenera lake layang'ana kumadzulo.

Galasi wamba loyera lija limalowetsa pafupifupi 80 pa 100 ya kutentha kwa dzuwa. Likalowa limatenthetsa simenti, sofa, khoma, ndiye zimenezi zimasunga kutenthako mpaka usiku. Katani wa mkati amathandiza pang'ono chabe, makamaka akakhala woyera, poti dzuwa ladutsa kale pagalasi ndipo katani yemweyo akutentha ali mchipinda momwemo. Gwirani nsalu yake cha m'ma 3 koloko mumve. Dzuwa mulitchingire panja lisanafike pagalasi.

Tsono apa mvetserani bwino. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa masana limadutsa pamutu penipeni kuno ku Mzuzu, ndiye khonde kapena denga lotulukira kunja pang'ono limatchinga bwinobwino mazenera a kumpoto ndi kumwera. Mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto nkumalowa pansi pa khonde lija, nthawi yomwe tikunjenjemera ndi chifunga cha m'mawa, ndiye zenera la kumpoto musalitseke ndi mitengo ayi, mudzalifuna.

Kumadzulo ndiye khonde siligwira ntchito kwenikweni chifukwa dzuwa limakhala latsika, likulowa cham'mbali. Pamenepa pamafunika chotchinga choimirira, mphasa ya bango kapena nsungwi yopachika panja mpata pang'ono kuchoka pagalasi kuti mphepo izidutsa, mumaitsitsa masana nkuikulunga dzuwa likalowa. Amene muli ndi malo dzalani mtengo wa mapeyala kapena mango chakutali ndithu ndi fawundeshoni, nthochi zimakula msanga ngati mukufulumira.

Za tinti, pepala lija lomata pagalasi, mumandifunsa kwambiri. Yakuda sikuti ndiye yabwino, ina imangodetsa chipinda galasi nkumatentha chimodzimodzi, mufunse yobweza kutentha. Koma kwa a lendi ine ndingati yambani ndi mphasa, ndiyotchipa komanso tsiku losamuka mumangoimasula.

Mukumanga panopa? Auzeni amisiri achepetse zenera la kumadzulo, mazenera akuluakulu apite kumpoto ndi kumwera moyang'anizana kuti usiku mukatsegula mphepo izilowa uku nkutulukira uko.