Usanasaine kabuku kaja, tamvera kaye

Mng'ono wanga, waswera bwanji? Zithunzi unanditumizira usiku zija ndaziona, masamba a kabuku ka malamulo a khalidwe pantchito kamene akuti usaine Lolemba. Ndimati ndikulembere, koma ndangoweruka kumene, zala zakana, ndiye ndingoyankhula. Uthengawu utalika, upeze pokhala. Ukatha uwamveretsenso mayi, chifukwa dzulo anandiimbira mtima uli m'mwamba, ati mwina mwanayo akufuna kumusainitsa zinthu zoti adzamangidwe nazo.

Mayi, mtima pansi. Kabuku kameneko si msampha. Pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili nako, pachingerezi amati code of conduct. Ine kuno ku Britain ndasaina timabuku totere kumakampani atatu. Asaine ndithu, palibe choopsa.

Koma iwe, chimene chandiyankhulitsa ndi mawu unalemba kumapeto aja, oti anzako akuntchito akuuza kuti "zimenezo n'zongosaina, palibe amawerenga." Sakunama, anthu sawerengadi. Pamene akusokonekera ndi poganiza kuti popeza iwo sakawerenga, ndiye kuti kabukuko kalibe mano.

Ndikuuze mmene zimakhalira kuno kwathu kuntchito. Chaka chilichonse amatikhazika pakompyuta kuti tibwereze maphunziro a malamulo amenewa. Ukalowa m'chipindamo umaseka. Wina dzanja limodzi lili pa foni, linalo likungodina batani lopitira patsogolo, maso sali n'komwe pa sikirini. Wina akufuula kuti, "Funso lachinayi yankho ndi liti?" wina n'kumuyankha ali kukhomo. Mphindi khumi, onse akhoza, satifiketi yatuluka. Inenso ndinali mmodzi wa iwo, sindikubisa. Ndinkati bola ndikugwira ntchito yanga, sindiba, sinditukwana munthu, kabuku kandiphunzitsa chiyani.

Ndiye tsiku lina mnzanga wina amene tinkanyamula naye katundu anandiimbira kuti basi yamuchedwetsa, ndimudindire khadi lake polowa kuti asamudule ndalama. Khadilo ankalisiya mu lokala yake, nambala ndinkaidziwa. Ndinadinda. Kwa ine chinali chifundo basi, mphindi makumi awiri zokha. Patapita sabata ziwiri anandiitana ku ofesi ya HR, yoona za ogwira ntchito. Mayi wa kumeneko sanakalipe, sanakweze mawu. Anatsegula failo, n'kutulutsa pepala limodzi, n'kulitembenuzira kwa ine. Pansi pake panali siginecha yanga ndi deti la tsiku limene ndinayamba ntchito. Kenako anatsegula kabuku, n'kuloza ndi cholembera ndime yonena kuti kulemba nthawi yabodza kapena kugwiritsa ntchito khadi la munthu wina ndi chinyengo. Anangofunsa kuti, "Siginechayi ndi yanu?" Ndinayang'ana pepalalo ngati ndikuliona koyamba, chifukwa kunena zoona ndimeyo ndinkaiwerenga koyamba tsiku limenelo. Ine anandipatsa chenjezo lolemba limene linakhala mufailo yanga chaka chathunthu. Mnzangayo, popeza anali ndi chenjezo kale, ntchito inathera pomwepo. Mpaka pano tikakumana m'sitima timangopatsana moni wa m'maso.

Kumva kwanga kunayambira pamenepo. Kabuku kaja kamagona m'kabati masiku onse pamene zinthu zili bwino. Tsiku limene zavuta, palibe amafunsa kuti anzako ankati chiyani kapena kuti aliyense amachita. Amatsegula tsamba, n'kuwerenga.

Komabe anzako aja sindikuwaweruza, chifukwa kunyoza kwawo kuli ndi pochokera. Munthu wantchito saphunzira khalidwe la kampani m'buku, amaliphunzira poyang'ana akuluakulu. Akaona kapitawo akuchoka msanga tsiku lililonse koma palibe womufunsa, pamene wonyamula katundu akuchotsedwa chifukwa cha mphindi makumi awiri, amadziwa kuti malamulo ali pawiri, olembedwa ndi enieni. Akaona amene anadandaula za bwana akuchotsedwa pa mashifiti abwino mwakachetechete, amatseka pakamwa, ndipo watsopano akabwera amamunong'oneza zimene akunong'oneza iwezo.

Ndipo si nkhani ya timakampani tating'ono tokha ayi. Ku America kunali kampani yaikulu ya zamagetsi ndi gasi yotchedwa Enron. Inali ndi buku la malamulo a khalidwe la masamba 64, mawu oyamba analemba ndi mkulu wake Kenneth Lay. Bukulo linkaletsa akuluakulu kuchita bizinesi yawoyawo yopikisana ndi zofuna za kampani. Koma mu 1999 bodi inavomera kuika lamulolo pambali kuti mkulu wa zachuma, Andrew Fastow, aziyendetsa makampani ake apambali ochita malonda ndi Enron yomweyo. Mu Disembala 2001 kampani inagwa, anthu masauzande ntchito n'kuwathera, ambiri ndalama zawo zapenshoni n'kupita nazo limodzi. Chaka chotsatira, 2002, dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Sarbanes-Oxley, limene mwa zina limafuna kuti makampani a pamsika wa masheya azinena poyera ngati ali ndi malamulo a khalidwe a akuluakulu a zachuma, ndiponso aziulula akawasintha kapena kuwaika pambali. Ndiye ukaona timabukuti tafala chonchi, mbali ina tinachokera kumeneko.

Koma imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya banki ya Wells Fargo, chifukwa inagwera anthu ngati iwe ndi ine. Ogwira ntchito m'mabulanchi ankapatsidwa chiwerengero cha maakaunti choti atsegule, chokwera moti munthu woona mtima sakanachikwanitsa. Anayamba kutsegulira makasitomala maakaunti eni ake osadziwa. Buku la malamulo linkaletsa, maphunziro ankachita, nambala yoimbira mwachinsinsi inalipo. Nkhani itaphulika mu 2016, banki inalipitsidwa madola 185 miliyoni, ndipo zinadziwika kuti anthu pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa kale ntchito chifukwa cha maakaunti amenewo. Ambiri a iwo anali apansi. Mkulu wa banki, John Stumpf, anatula pansi udindo pambuyo pake, anthu atakwiya. Taganiza, bwana akukuuza m'mawa uliwonse kuti ukapanda kufikitsa chiwerengero upita, buku likuti usaname. Umvera uti? Ambiri anamvera bwana, chifukwa buku silikuyang'ana m'maso. Koma powachotsa anagwiritsa ntchito buku lomwelo.

Apa ndi pamene ndikufuna umvetse bwino. Tsiku lina munthu wokuposa udindo adzakuuza kuti, "Ingosaina kuti katundu wafika yense, otsalawo abwera mawa," kapena, "Sintha deti pa lisitipo." Adzanena akumwetulira, ngati kanthu kakang'ono. Usakangane naye, usamuphunzitse khalidwe, ndiwe watsopano. Ungonena mwaulemu kuti, "Bwana, mungandilembere pa imelo kuti ndikhale nazo?" Ukatero uona. Ngati n'zoyenera alemba. Ngati si zoyenera, nkhani imafera pomwepo, ndipo sakuyesanso. Ine njira imeneyi yandipulumutsa kangapo konse. Siginecha ikakhala yako, mlandu ndi wako, ngakhale amene anakutuma ataima pambali pako.

Pa masamba unatumizawo ndaona ndime ya mphatso. Imeneyo uwerenge kawiri, chifukwa ukhala ku ofesi yogula zinthu. Ogulitsa katundu ndi anthu okoma mtima kwambiri kwa munthu wa ofesi imeneyo, udabwa. Kalendala, cholembera, kapu yolembedwa dzina la kampani yawo, zimenezo nthawi zambiri zilibe vuto. Koma ikafika envelopu, kapena foni yatsopano, kapena "tikulipirireni ulendo," ndiye kuti akugula dzanja lako. Kampani yako yalemba malire a mtengo wa mphatso ndiponso yati chilichonse chodutsa pamenepo uchilembetse m'kaundula. Lembetsa, ngakhale anzako akuseke kuti ndiwe wamantha. Kuno ku Britain kuli lamulo la 2010 lotchedwa Bribery Act, limene limati kampani ikhoza kuimbidwa mlandu chifukwa cholephera kuletsa munthu wake kupereka ziphuphu, ngakhale zitachitikira kudziko lina. N'chifukwa chake makampani amene amachita malonda ndi akunja salekerera nkhani ya mphatso. Si kuti amadana nawe, akudziteteza okha, ndipo pofuna kudziteteza sachedwa kukupereka iweyo.

Mayi, apa mumve inunso, chonde. Pali ndime yonena za achibale. Mwana wanuyu akayamba ntchito, padzabwera anthu, ena a magazi athu omwe, kuti awathandize kupeza oda kapena awalowetse ntchito. Musamukakamize. Lamulo silikuti wachibale sangachite malonda ndi kampaniyo ayi. Likuti iye aulule kuti uyu ndi m'bale wanga, achoke pa tebulo, ena asankhe. Akabisa, n'kudzadziwika, amuchotsa ngakhale m'baleyo atakhala kuti mitengo yake inali yabwino kuposa onse. Chimene amalanga ndi kubisako.

Za Facebook ndi WhatsApp sinditaya nthawi, ukudziwa. Usajambule mkati mwa ofesi, usadandaule za bwana pa status, pasiwedi yako usapatse munthu ngakhale mnzako wapamtima. Nkhani yanga ya khadi ija ndi yomweyo, kungoti yako idzakhala ya pakompyuta.

Tsopano mbali imene anzako aja sanakuuze, chifukwa sanawerenge. Kabukuko sikamanga iwe wekha, kamamanganso mabwana. Muli masamba onena kuti munthu asakuzunze, asakunyoze chifukwa cha kumene uchokera kapena chipembedzo chako, asakufune chibwenzi mokakamiza pogwiritsa ntchito udindo. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linagwirizana mu 2019 pangano la nambala 190 loletsa nkhanza ndi kuzunzana pantchito, ndipo mawu ngati amenewo uwapeza m'timabuku tambiri masiku ano. Muli ndondomeko ya mmene ayenera kukuimbira mlandu: akuuze cholakwa, akupatse mpata woyankha, ndiponso kumene ungakadandaule ukaona kuti chigamulo sichinayende bwino. Kuno tinali ndi mtsikana wina amene kapitawo ankamuvutitsa ndi mauthenga a usiku. Ena ankamuuza kuti angopirira. Iye anasunga mauthenga onse, n'kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi amene analipo nthawi iliyonse bamboyo akamuyankhula zosayenera. Popita ku HR ananyamula kope lake ndi kabuku ka kampani, atapinda tsamba loyenera. Kapitawoyo anachoka. Sindikuti zimatha choncho nthawi zonse, ndaonanso wodandaula akutopetsedwa mpaka kusiya yekha. Koma wopita ndi kope amamvedwa mosiyana ndi wopita ndi misozi yokha.

Nambala yachinsinsi yonenera zoipa ya kampani yanu ija, uisunge, koma uyambe wayang'ana mmene amachitira ndi amene anaigwiritsapo ntchito. Kuno lamulo la 1998 la Public Interest Disclosure Act limateteza woulula zoipa pantchito, komabe anthu amaopa, chifukwa lamulo limabwera mochedwa, bwana ali pompo. Ngati kuntchito kwanuko kuli bungwe la ogwira ntchito, lowa, ndipo nkhani ikakula uyambe wayankhula ndi nthumwi yawo usanapite wekha.

Ndiye Lolemba uchite chonchi. Usasaine uli chiimire pa kauntala. Upemphe ukhale pansi, kapena utenge kabukuko ukawerenge kunyumba. Pamene sukumva ufunse, safunsa anadya phula, ndipo a HR amasangalala ndi munthu wofunsa, sakhala ambiri. Ukasaina upemphe kope lako, ulijambulenso pa foni, chifukwa timabukuti amatisintha, ndipo udzafuna kudziwa kuti kamene unasaina iwe kankati chiyani. Anzako aja usakangane nawo, uziseka nawo, uzidya nawo, koma khadi lako ndi siginecha yako zikhale zako.

Tsamba lachisanu ndi chinayi silinaoneke bwino, chala chako chinaphimba theka, ndipo ndi lomwe likukamba za kugwira ntchito ina yapambali. Ulijambulenso pamalo owala unditumizire, chifukwa ndikudziwa kuti kabizinesi kako ka mafoni kaja sunasiye, ndiye tione ngati uyenera kukalembetsa. Ndiyang'ana mawa pa nthawi yopuma. Mayi, mugone bwino, ndikuimbirani Lamlungu. Basi yanga yafika, ndathawa.