Absinthe: Kodi Ndi Woletsedwadi? Nanga Mungakwere Nawo Ndege?

[Pa tebulo pali botolo lobiriwira, tambula ndi jagi ya madzi ozizira]

Botolo mukulionali ndi lachiwiri. Loyamba linatsala pa bwalo la ndege ku Ulaya, ndipo ndikalikumbuka mtima umandiwawabe. Chimene chinandilanditsa botolo lija si chimene mukuganizacho ayi. Tikafika pamenepo, koma musathawe.

Muli bwanji nonse? Ngati n'koyamba kufika pa tchanelo chino, kabatani kofiira ka subscribe kali m'munsimu, sikaluma. Ana osakwana zaka 18, pitani mukasewere, lero tikukamba za mowa.

Mwachangu. Absinthe ndi mowa waukali, wochita kutcheza. Mumalowa zomera zitatu zikuluzikulu: chitsamba chowawa chotchedwa Artemisia absinthium, anise ndi fennel. Unayambira ku Val-de-Travers, ku Switzerland, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mu 1805 fakitale ya Pernod inatsegulidwa ku Pontarlier, ku France. Ukali wake umayambira pa 45% kukafika cha pa 74%, pomwe gin wamba amakhala cha m'ma 40. Suumwa wokhawokha, umathira madzi. Zoyambira ndi zimenezo, tapita.

Tsono nkhani imene imanditopetsa. Ndikangotchula absinthe, wina amalemba mu ndemanga kuti, "Achimwene, umene uja umapengetsa misala, munthu amaona zideruderu, n'chifukwa chake anauletsa." Wina amawonjezera kuti Van Gogh, katswiri wojambula zithunzi uja, anadzidula khutu chifukwa cha mowa umenewu. Anthuni! Bodza ili lakalamba, lapitirira zaka 100, koma likuyendabe popanda ndodo.

Tiyeni tione kumene linachokera. Kuyambira m'ma 1860, tizilombo totchedwa phylloxera tinawononga minda ya mpesa ku France. Vinyo anasowa, mtengo unakwera, anthu wamba anatembenukira ku absinthe chifukwa unali wotchipa. Unatchuka mpaka nthawi ya 5 koloko madzulo ankaitcha "ola lobiriwira". Minda ya mpesa itachira, eni vinyo anapeza kuti makasitomala awo asamuka. Inuyo mukanakhala mwini munda wa mpesa, mukanatani? Anagwirizana ndi magulu odana ndi uchidakwa, n'kumalalikira kuti vinyo ndi chakumwa chabwino cha pa chakudya, woipa ndi wobiriwirayu.

Ndiye panali dokotala wa matenda a misala ku Paris, Valentin Magnan. Iyeyu ankatenga mbira, n'kuzitsekera m'galasi limodzi ndi mafuta a chitsamba chowawa chija, mafuta enieni osasungunula. Mbira zinkagwa n'kumaphupha ngati zakhunyu. Iye n'kunena kuti mwaona, absinthe ndi woopsa kuposa mowa wina. Koma taganizani. Mafuta osasungunula ndi tambula ya mowa wothira madzi n'zofanana? Ngakhale mchere wa m'ndiwo, mutadya mbale yathunthu, tikakuonerani kuchipatala.

Chimene chinatsiriza zonse ndi maliro a mu 1905. Mlimi wina wa ku Switzerland, Jean Lanfray, anawombera mkazi wake woyembekezera ndi ana ake aakazi awiri. Manyuzipepala analemba kuti wapha ndi absinthe. N'zoona, m'mawa wa tsikulo anamwa matambula awiri a absinthe. Zimene sanazikweze mawu n'zakuti pambuyo pake anapapira vinyo wambirimbiri, kuwonjezerapo cognac ndi brandy. Munthu analedzera tsiku lonse, koma mlandu unagwera matambula awiri a m'mawa. Anthu a ku Switzerland anavota mu 1908, lamulo loletsa linayamba kugwira ntchito mu 1910. America inaletsa mu 1912, France mu 1915. Pamene Britain, Spain ndi dziko la Czech sanaletsepo n'komwe, ndipo sitinamve kuti ku London anthu onse anapenga.

Nanga mankhwala amene anthu amati ndiwo amapengetsawo? Dzina lake ndi thujone, amapezeka m'chitsamba chowawa chija. Akachuluka kwambiri m'thupi amagwetsa munthu ngati khunyu, zimenezo n'zoona. Koma kuonetsa zideruderu, ayi. Amapezekanso mu sage, masamba amene azungu amathira mu nkhuku yootcha, ndipo palibe amene anaona mizukwa atadya nkhuku. Kuti thujone wa mu absinthe akugwetseni, muyenera kumwa mowa wochuluka moti mowawo ukhala utakuphani kale.

Ndikudziwa, ndikudziwa, wina akulemba kale kuti, "Wamakono ndi wofooka, weniweni unali wakale." Dikirani kaye, chotsani chala pa foni. Mu 2008, wasayansi wa ku Germany, Dirk Lachenmeier, ndi anzake anapeza mabotolo 13 akale, opangidwa chiletso cha 1915 chisanafike. Anawayeza. Thujone amene anapezamo sanali wosiyana kwenikweni ndi amene malamulo a ku Ulaya amalola lero. Palibe chamatsenga chimene anapezamo. Chimene chinkavulaza anthu ndi mowa wa pafupifupi 70% womwa tsiku ndi tsiku, komanso akamberembere amene ankapanga wotchipa n'kumathiramo mankhwala a kopa kuti uoneke wobiriwira. Ife a kwathu kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Tonse tinamvapo za kachasu wothira zinthu zosadziwika kuti akalipe. Wolakwa amakhala wotchezayo.

N'chifukwa chake malamulo anabwerera m'mbuyo. Maiko a European Union anaika malire a thujone mu 1988, ndipo pa mowa wa mtundu uwu malirewo ndi mamiligalamu 35 pa kilogalamu. Switzerland inachotsa chiletso mu 2005, America mu 2007, ndipo France inalola kuti dzina loti absinthe libwerere pa mabotolo mu 2011.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, ponyani like, chifukwa makina a YouTube amaiwala msanga ngati wangongole. Tsopano za ndege.

Choyamba, ndipo ichi ndiye chachikulu: werengani nambala ya ukali pa botolo musanatulutse ndalama. Malamulo a ndege za pakati pa maiko amati mowa wopitirira 70% sukwera ndege. M'chikwama cha m'manja ayi, mu sutikesi yolowa pansi ayinso. Amauwerengera m'gulu la zinthu zoyaka moto, ngati petulo. Apa ndi pamene ndinagwera ine. Ndinalowa m'kashopu kena, wogulitsa n'kundionetsa mabotolo awiri, lina 68%, lina 72%. Ine ndi mtima wofuna kukadzitama kwa alamu anga ndinasankha la 72. Ndinalikulunga bwinobwino mu juzi, n'kuliika pakati pa sutikesi. Ndili pa mzere wokwerera, ndinangomva dzina langa pa chimkuzamawu. Ananditengera m'kachipinda, sutikesi ili pa tebulo. Mayi wa yunifolomu anatulutsa botolo, sanafunse za thujone, sanafunse za chitsamba, anangoloza ndi chikhadabo pa nambala ija: 72. Ndinayesa kunena kuti mowawu ndi wololedwa. Iye anagwedeza mutu kuvomereza, n'kuliika botolo m'bokosi la kumbuyo kwake. Maperesenti awiri okha, abale. Ili lili apali ndi la 68.

Chachiwiri, mowa wa pakati pa 24% ndi 70% mumaloledwa malita 5 pa munthu mmodzi, ndipo ukhale m'botolo lake la kushopu, losatsegula. Osati munalawako usiku kenako n'kutseka, osatinso kuthira m'botolo la madzi.

Chachitatu, chikwama cha m'manja. Lamulo lodziwika lija la zamadzimadzi, mamililita 100, likugwirabe ntchito pa mabwalo ambiri. Botolo lalikulu limalowa m'ndege pokhapokha mwaligula mu duty free mutadutsa kale pofufuza, ndipo amakuikirani m'jumbo yomata, lisiti lili m'kati. Jumbo imeneyo musaing'ambe. Ifeyo popita kumudzi sitiuluka ulendo umodzi, timasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kumeneko mukhoza kufufuzidwanso. Jumbo yong'ambika, botolo latsala. Ine ndimangoika mu sutikesi yolowa pansi, mutu usandipweteke. Za kusintha ndege ku Addis ndinapanga kale vidiyo yake, ili pamwambapa, mukaonere mukamaliza ino.

Chachinayi, a ndege akakulolani sindiye kuti a kasitomu akulolani. Awa ndi anthu awiri osiyana, ndipo malita 5 aja si a ulere pa msonkho. Amene muli ku Joni, South Africa imalola lita imodzi ya mowa waukali popanda msonkho. Britain imalola malita 4. America ndi lita imodzi, mukhale ndi zaka 21, ndipo kumeneko ndiye kuli kovuta pang'ono: thujone asapitirire magawo 10 pa miliyoni, mawu oti absinthe asaime okha ngati dzina la mowawo, ndipo pa botolo pasakhale zithunzi zosonyeza ngati munthu akamwa aona zachilendo. Mwaona? Botolo logulidwa mwalamulo ku Prague likhoza kulandidwa ku New York chifukwa cha chithunzi chabe. Mukamatsikira ku Kamuzu kapena ku Chileka, eni nkhani ndi a MRA. Funsani mlingo wawo musananyamuke, sungani lisiti, ndipo akakufunsani nenani zimene mwanyamula. Kubisa botolo limodzi n'kudzaitanira chindapusa.

Chachisanu, kalongedzedwe ka botolo: masokosi awiri, jumbo, pakati pa zovala. Basi.

[Akuthira absinthe pang'ono m'tambula, akunyamula jagi]

Tsono onani ichi, bweretsa kamera pafupi. Gawo limodzi la mowa, magawo atatu mpaka asanu a madzi ozizira, pang'onopang'ono, dontho ndi dontho. Mwaona pansipo? Wayamba kuchita mtambo, kubiriwira kuja kukusanduka ngati mkaka. Ndi mafuta a anise amenewo, amasungunuka mu mowa koma m'madzi amakana. Fungo lafika mpaka pakhomo.

Ndipo chonde, amene mumayatsa shuga pamwamba pa tambula n'kumati ndi mwambo wakale wa ku France, zimenezo zinayamba m'mabala a ku Czech m'ma 1990. Mukungopsereza mowa wodula, ndi nsidze zanu zomwe. Lembani mu ndemanga chimene anakulandani pa bwalo la ndege, ndikufuna ndidziwe ngati alipo amene analira kuposa ine. Sabata yamawa tikamba za usipa wouma mu sutikesi yopita ku Manchester.