Chiuno cha agogo chaguluka ine ndili pa naiti

Moni abale anga, a ku Joni, a ku Mangalande, ndi inu ochepa amene tili limodzi kuno ku Japan. Ndangotsika sitima kuchokera ku naiti kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, tulo palibe. Ndiloleni ndiyankhule, mwina mtima ukhala pansi.

Usiku wathawu cha m'ma 3 koloko belu la chipinda chakumapeto linalira. Polowa ndinapeza agogo ali pansi, pafupi ndi kaguwa kamene amaikapo chithunzi cha malemu amuna awo. Mwendo wamanzere wafupika, phazi lapotokera mkati, akungoti "itai, itai" (kukuwawa) mano ataluma. Ndinadziwiratu kuti chiuno chaguluka. Sindinawadzutse ayi. Ndinawafunditsa bulangete, kuimbira namwino, kenako 119, nambala ya ambulansi.

Agogowa anaikidwa chiuno chachitsulo kalekale, chomata ndi simenti. Si yomangira nyumba, ndi pulasitiki yake. Dokotala amasakaniza ufa ndi madzi ake, kuthira m'mphako ya fupa la ntchafu, n'kulowetsamo chitsulo, ndipo mphindi 10 zikamakwana yayamba kale kuuma. Amene anaifalitsa njirayi ndi John Charnley, ku Wrightington ku England, cha m'ma 1962. Kwa wokalamba wa mafupa ofewa imagwira kwabasi, mawa lake munthu amaimirira. Alipo ena ndimawasambitsa amene atha nacho zaka 20, akuyenda ndi ndodo yokha.

Koma mavuto ake ndawaona ndi maso. Pa opaleshoni pomwe BP imatha kutsika mwadzidzidzi simenti ikamalowa. Magazi amatha kuundana m'miyendo, n'chifukwa chake timalimbana nawo kuwaveka masokosi othina aja. Bala limatha kulowa tizilombo. Zaka zikapita kambale ka m'chiuno, momwe mutu wa chitsulo chija umazungulira, kamatha kuyamba kugwedera, basi opaleshoni ina. Nanga kuguluka! Dokotala amati osapinda chiuno kwambiri, osapingasa miyendo. Koma moyo wa kuno ndi wapansi: kudyera pa mphasa ya tatami, kugona pa matiresi a pansi otchedwa futoni, kugwada mokhalira zidendene kumene amati seiza. Munthu wagwadira kaguwa ka mwamuna wake m'mawa uliwonse, ungamuletse ndi pepala lomata pakhoma?

Ndiye m'mawa abwana akufika, funso loyamba: "Unali kuti?" Ndinali kuti? Nsanjika yonse ndekha, wina ndikumusintha thewera, wina akufuna madzi. Mwezi watha ndinalemba m'buku, m'Chijapanizi changa chomwe ndachivutikira, kuti kaguwako tikakweze patebulo. Palibe anayankha. Lero akufuna lipoti la ngozi likhale ndi dzina langa pamwamba. Ndalemba, koma ndaikamo tsiku limene ndinachenjeza. Ifetu sitinabwere kuno kudzasenza milandu ya ena. Inu amene mumagwira ntchito ya kaigo, yosamalira okalambayi, lembani chilichonse. Zapakamwa zimauluka, makamaka ukakhala mlendo. Lembani tsiku, lembani nthawi, lembani amene mwamuuza.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti ambiri mwa amayi a kuno amene chiuno chinawathera, sichinathe ndi ukalamba wokha. Anakula ndi kambale kosazama kuyambira ali makanda, ndipo kale ana ankawakulunga miyendo itawongoledwa. Mu 1975 dziko lonse linayamba kuphunzitsa makolo kusiya miyendo ya khanda itatangadza, vutoli n'kuchepa kwambiri. Nditamva zimenezi ndinakumbuka mayi anga akupita kuchigayo, mlongo wanga ali kumbuyo m'chitenje, timiyendo uku ndi uku ngati chule. Kakhalidwe kameneko ndiye kabwino kwa chiuno cha mwana. Alongo anga a ku Leeds ndi ku Cape Town, chitenje musachitaye chifukwa cha pulamu, berekani ana.

Namwino wanditumizira uthenga ndili m'sitima. Agogo aja awagoneka tulo, n'kubwezera chiuno m'malo popanda kung'amba, simenti sinasunthe. Avala lamba wa m'chiuno kwa milungu ingapo. Polowa mu ambulansi agogowo anandigwira dzanja, akupepesa kuti andivutitsa usiku. Ndikulowanso mawa madzulo, ndipo kaguwa kaja ndikakakweza ndekha asanabwerere.