Shawa ya ku Cape Town m'bafa la amayi ku Salima

Moni abale anga kulikonse kumene mukundimvera. Lero sindili m'kachipinda kanga ka ku Dunoon ku Cape Town, ndili pakhonde kwa amayi kuno ku Salima, ndiye mukamva atambala akulira musadabwe. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ukasamba m'mawa pofika masana thukuta lili kamukamu.

Nkhani yanga lero ndi ya shawa. Ine ndinakulira kufupi ndi nyanja, ku Senga Bay tinkasambira mpaka maso kufiira, osadziwa kuti kwina madzi amachita kuwerenga. Zimenezo ndinakaziona ku Cape Town mu 2018, chilala chitatha zaka zitatu, damu la Theewaterskloof likuoneka mchenga. Kuyambira pa 1 February munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, zigubu ziwiri ndi theka za malita 20 zija, ndipo kumwa, kuphika, kuchapa ndi kusamba zonse momwemo. Tinkasamba titaponda m'beseni kuti madziwo tikathire kuchimbudzi. Abwana amene ndinkawasamalira maluwa anandipatsa sipanala kuti ndichotse mitu ya mashawa onse m'nyumba, ndiikemo yotulutsa madzi pang'ono. Ntchitoyi ndinaiphunzira choncho.

Tsono amayi mawondo akuwavuta, kuwerama pabeseni ndi nkhondo. Ndalama zimene ndinkatumiza tinamangira bafa, ndi thanki pansanja kuseri kwa nyumba. Koma mutu wa shawayo unatsekeka ndi zoyerayera zouma zija, madzi akungotuluka timabowo titatu, kena kakuthira kukhoma. Ndinagula watsopano ku Cape Town, ndinaukulunga m'juzi, unadutsa nane pa Beitbridge, Tete mpaka pa Dedza.

Kusintha kwake sikufuna pulambala. Ndinatseka madzi, ndinakulunga kansalu panati kuti sipanala isakande, dzanja lina litagwira paipi yotuluka kukhoma. Pamenepo samalani kwambiri, chifukwa paipiyo ikapotokera m'kati mwa khoma mudzagumula pulasitala. Ndinapotokolera kumanzere, unayamba wakana, kenako unalola. Ndinapala tepi yakale pamazinga, n'kukulunga tepi yoyera yatsopano kanayi, molowera komwe mutuwo umamangira, apo ayi imafunyululuka pomanga. Mazinga ake ndi a hafu inchi, ofanana kuno ndi ku Joni. Kalabala kakuda kotsekera madzi m'kati mwa nati ndinaonetsetsa kuti kakhala bwino, ndinamanga ndi manja, sipanala kungokhudza pang'ono.

Nditatsegula madzi mtima unandisweka. Ankangodontha ngati denga laudzu mvula itakata. Amayi anaima pakhomo la bafa, anayang'ana, n'kunena kuti, "Musadandaule bambo, ndizolowera." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa amayi akhala akuzolowera zinthu moyo wawo wonse, ndipo ine sindinapitire kutali kuti azizolowerabe.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuganiza. Ku Cape Town madzi amabwera m'mapaipi a mzinda ndi mphamvu yambiri. Kuno mphamvu yake imadalira kutalika kwa nsanja basi: mamita 10 ndiwo amapereka 1 bar, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi, pomwe thanki yathu yangoposa shawayo ndi mamita 3, ndiye sitifika ngakhale theka. Mutu umene ndinagulawo unapangidwira kuletsa madzi. Nditaumasula ndinapeza kapulasitiki kozungulira, kakang'ono ngati batani la malaya, kali pakamwa pake. Ndinakakola ndi kawaya, kanatuluka. Nditabwezeretsa mutuwo, madzi anagwa waaa, timabowo tonse, mpaka mdzukulu wa amayi anathamangira m'bafamo ndi zovala zomwe.

Wakale uja sindinataye. Wagona usiku wonse m'viniga, m'mawa ndautsuka ndi mswachi ndi kutokosa timabowo ndi singano, wayera, achemwali atenga.

Chondidetsa nkhawa tsopano ndi thanki, chifukwa kapulasitiki kaja katachoka izitha msanga, ndipo dzulo ndinadzipeza ndaima kunja ndikuwerenga mphindi zimene amayi akusamba. Sindinawauze kanthu. Ndikamaliza kujambula pulogalamuyi ndikwera kabaza kupita pa Kamuzu Road kukafuna kapaipi kofewa ka shawa yogwira m'manja, kuti azisamba atakhala pampando, azitsukanso mapazi osawerama. Basi yanga yobwerera ndi Lachinayi, ndiye ndiyenera kumanga lero.