Ecstasy: mawu a chimwemwe amene poyamba ankanenanso za mantha

Moni nonse, takulandirani. Lero tili pa mawu a Chingerezi akuti ecstasy. Dikishonale ikuuzani kuti ndi chimwemwe chodzaza tsaya, chija munthu amalumpha osadziwa kuti walumpha. Koma kumene mawuwa anachokera, nkhani sinali yosangalala ayi.

Gwero lake ndi Chigiriki, ekstasis. Ek ndiye kunja, stasis ndiye kuima. Choncho ankanena munthu amene nzeru zamuchoka, ngati waima panja pa thupi lake. Chozichotsa nzeruzo chimatha kukhala mantha, kudabwa kapena masomphenya. Tsegulani Maliko 16:8. Amayi aja akuthawa kumanda a Yesu akunjenjemera, ndipo Chigiriki chimati anagwidwa ndi ekstasis. Pamenepo panalibe amene ankasekerera. Pa Machitidwe 10:10 Petulo ali padenga ku Yopa, njala yamugwira, ndipo mawu omwewa ndi amene akufotokoza zimene zinamuchitikira asanaone chinsalu chikutsika kuchokera kumwamba.

Mawuwa anadzera m'Chilatini ndi Chifalansa, n'kufika m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Ngakhale Shakespeare, wolemba masewero wa ku England, ankawagwiritsabe ntchito ponena za misala. Chimene chinawakokera ku chisangalalo kwambiri ndi nkhani za opemphera amene ankadziiwala chifukwa chokondwera mwa Mulungu. Ku Rome, m'tchalitchi cha Santa Maria della Vittoria, muli chosema cha Bernini, mmisiri wa ku Italy, chimene anamaliza cha m'ma 1652, chosonyeza Teresa Woyera wa ku Avila ali mumkhalidwe umenewu, mutu uli chagada, maso atatsinzina.

Nanga lero mungawalankhule bwanji? Pocheza, amene mudzamve kawirikawiri ndi ecstatic. Mwana akakhoza mayeso, mayi ake akululuta mpaka mawu kusasa, mutha kunena kuti "she was ecstatic". Koma musawawononge pa tinthu ting'onoting'ono. Mukapeza malo okhala m'basi, happy akukwanirani.

Polemba, ambiri amapunthwa kumapeto: ndi s-y, osati c-y.

Chenjeraninso apa. Kuyambira m'ma 1980, ecstasy lakhalanso dzina la mankhwala osokoneza bongo a MDMA, amene kampani ya Merck ku Germany inawapanga koyamba mu 1912. Ndiye mukati "in ecstasy" mukunena chimwemwe, koma mukati "on ecstasy" mwamunamizira munthu kuti wamwa mankhwala oletsedwa.