Kuwongolera munthu wa chikhulupiriro china osamutaya

Abale ndi alongo, tiyambe ndi kusiyanitsa anthu awiri, pakuti apa m'pamene ambirife timasokoneza zinthu. Pali Mkhristu mnzathu amene wamva chiphunzitso china molakwika, ndiye pali munthu amene si Mkhristu n'komwe. Pa 1 Akorinto 5:12, Paulo akuti kuweruza anthu akunja kwa mpingo si ntchito yake. Choncho njira ya pa Mateyu 18, yoitana mboni kenako n'kuuza mpingo, ndi ya m'bale wochimwa. Mnansi wa chipembedzo china sanalonjeze kumvera akulu a mpingo wanu.

Kwa ameneyo, yambani ndi kufunsa. Miyambo 18:13 imati kuyankha usanamve n'kupusa. Muyeso wake ndi uwu: fotokozani chikhulupiriro chakecho mpaka mwiniwake avomere kuti, “Eya, ndi momwemo.” Mukalumpha pamenepa mumayamba kutsutsa zinthu zimene iye sakhulupirira, ndipo akangozindikira zimenezo makutu amatseka.

Taonani Paulo ku Atene, pa Machitidwe 17. Mafano anamuwawitsa mtima, inde, koma anayendabe mumzindamo n'kumawerenga zolembedwa pa maguwa awo. Atafika pa Areopago, bwalo la akuluakulu a mzindawo, anayambira pa guwa la Mulungu wosadziwika, natchulanso mawu a olemba ndakatulo awo. Kodi anabisa choonadi? Ayi ndithu. Anafika pa kulapa, pa chiweruzo, ndi pa kuuka kwa akufa. Ena anamuseka, ena anati tidzamvanso, ochepa monga Dionisiyo ndi Damarisi anakhulupirira. Ndipo ku Efeso, Paulo ataphunzitsa zaka zoposa ziwiri, mlembi wa mzinda anachitira umboni kuti anzake a Paulo sananyoze mulungu wamkazi wa anthu a ku Efesowo. Abale, ndimafunitsitsa anansi athu atamanena zotere za ife.

Kwa Mkhristu mnzathu, tengerani Priskila ndi Akula. Apolo ankaphunzitsa molimba mtima koma ankangodziwa ubatizo wa Yohane. Iwo anamutengera pambali. Munthu ukamudzudzula pagulu amateteza ulemu wake, mfundoyo saimvanso. Tengani mfundo imodzi pa kucheza kumodzi, tsegulani Baibulo muwerenge ndime yonse pamodzi, osati vesi limodzi lothothola.

Mawu akayamba kukwera, imani, mudzapitirize tsiku lina. 2 Timoteo 2:24-25 imati kapolo wa Ambuye asakhale wolongolola, alangize mofatsa, poti kulapa amapereka ndi Mulungu. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya umene unakana Yesu, amene anadzudzulidwa anali iwowo.

Munthu akakana, musaleke kumupatsa moni kapena kukamuona akadwala. Ndipo chithandizo chilichonse musachimangirire ku kutembenuka kwake, chifukwa adzavomera pakamwa pokha kuti alandire, mumtima muli momwe munaliri.